Kamasulidwe ka Mabawuti Okanirira pa Mahinjesi a Zitseko za Land Rover

Galimoto ya alangizi ndi ya ochita kafukufuku wa zaulimi imathera moyo wake m'misewu yafumbi, ya mabampu ndi yowoloka mitsinje. Injini, matayala ndi masipuling'i zimayang'aniridwa kawirikawiri chifukwa zikavuta ulendo umathera pomwepo. Chitseko ndiye chimaiwalika. Chimayamba ndi kulira pa mabampu, kenaka chimatsika pang'ono kotero kuti potseka chimafuna kuchinyamula, ndipo potsiriza dalaivala amachimanga ndi chingwe kapena mphira. Chitseko chotere chimalowetsa fumbi ndi mvula pa mbewu ndi pa mabuku a kafukufuku, chimaononga loko, ndiponso chingathe kutseguka galimoto ili paliwiro munthu atachitsamira.

Mankhwala ake ndi kusintha mahinjesi kapena kuwongola kakhalidwe kake, ntchito imene siyenera kutha tsiku. Koma pa galimoto yomwe yagwira ntchito zaka zambiri mabawuti a mahinjesi amakana kumasuka, ndipo munthu wopupuluma amaononga mitu yake m'mphindi zochepa. Masiteshoni ambiri a zaulimi ali kutali ndi galaja yokhala ndi zida zokwanira, kotero galimoto ikaima nthawi yodzala itayandikira, minda ya chionetsero imachedwa. Nkhani ino ikufotokoza chimene chimachititsa mabawutiwa kukanirira ndi ndondomeko yowamasulira, kuyambira njira yofatsa kufikira njira yomaliza.

Mmene chitseko chimagwiridwira

Land Rover inayamba kupangidwa mu 1948 ku Solihull m'dziko la England. Mitundu imene ikukambidwa pano ndi Series III, yomwe inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndiponso One Ten ya 1983 ndi Ninety ya 1984, zimene zinapatsidwa dzina la Defender mu 1990 ndipo zinaleka kupangidwa mu 2016. Defender yatsopano yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2020 ndi yopangidwa mosiyana kotheratu, choncho siikukhudzidwa.

Pa galimoto zimenezi mahinjesi ali kunja, poonekera. Chitseko cha kutsogolo chili ndi mahinjesi awiri, ndipo hinjesi iliyonse imagwiridwa ndi mabawuti anayi. Awiri amalowa m'mphuthu, ndiye kuti nsanamira yachitsulo ya m'mbali mwa chipupa cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Awiri enawo, omwe ndi aatali, amaboola chitseko ndipo amamangidwa ndi manati m'kati mwake. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukudziwa. Manati a kuchitseko amafikika ndi sipanala munthu akachotsa chophimba cha m'kati. Manati a m'mphuthu safikika, chifukwa amakhala m'kati mwa nsanamira yotsekeka, aliyense atagwiridwa ndi kachitsulo kopyapyala kopindika komwe kamaluma m'mphepete mwa bowo. Kachitsuloka kamalola nati kusuntha pang'ono kuti chitseko chithe kuwongoledwa, koma mphamvu zake ndi zochepa.

Mitu ya mabawutiwa ndi yomira m'hinjesi, kotero palibe pogwira sipanala. Pa galimoto zakale mutu uli ndi mtanda wa mtundu wa Pozidriv nambala 4, pamene pa Defender za m'zaka zam'mbuyo muno uli ndi bowo longa nyenyezi ya nsonga 6 lotchedwa Torx.

Chimene chimachititsa kukanirira

Choyamba ndi dzimbiri. Madzi a mvula, a pochapa galimoto ndi a powoloka mitsinje amalowa m'mphuthu ndipo amachedwa kuuma, makamaka ngati matope atseka timabowo totulutsira madzi. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, pakuti dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako. Mpata wa pakati pa mazinga a bawuti ndi a nati ndi waung'ono kwambiri, choncho dzimbiri likadzazamo awiriwa amakhala ngati chinthu chimodzi.

Chachiwiri ndi kukumana kwa zitsulo ziwiri zosiyana. Khungu la kunja la zitseko zambiri za galimotozi ndi la aluminiyamu, pamene mafelemu ake, mahinjesi ndi mabawuti ndi a chitsulo wamba. Ziwirizi zikagundana pamalo achinyontho, aluminiyamu amadyeka ndi kusanduka ufa woyera umene umatupa pansi pa penti ndi kuzungulira bawuti.

Madzi okhala ndi mchere amafulumizitsa zonse ziwirizi. N'chifukwa chake galimoto zogwira ntchito m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga ku Beira ndi ku Quelimane, zimavutika msanga. Koma za kumtunda nazo zili ndi mchere wake, womwe ndi feteleza. Urea, CAN ndi sulphate of ammonia zimakoka chinyontho ndipo zimadya chitsulo. Fumbi la feteleza wotayikira m'galimoto likasakanikirana ndi madzi limafika ndithu m'munsi mwa zitseko ndi mwa mphuthu, ndipo kawirikawiri hinjesi yam'munsi ndiyo imakanirira kwambiri.

Chachitatu ndi penti. Galimoto ikapakidwa penti kachiwiri kapena kachitatu, pentiyo amadzaza mtanda wa pamutu ndi kumatirira m'mphepete mwa mutuwo ku hinjesi. Chida sichilowa mokwanira, chimaterereka, ndipo mtanda umasanduka dzenje lozungulira.

Kuyamba ndi kufufuza

Mmisiri asanagwire chida ayenera kudziwa chimene chatsitsa chitseko. Atsegule chitseko pang'ono, agwire kumapeto kwake ndi kuchinyamula m'mwamba, mnzake akuyang'ana pa mahinjesi. Ngati mbali ziwiri za hinjesi zikusewera pa kamtengo kachitsulo kozilumikiza, hinjesi yatha ndipo iyenera kusinthidwa. Ngati hinjesi yonse ikusuntha pa mphuthu kapena pa chitseko, vuto lili pa mabawuti kapena pa chitsulo chimene agwirapo. M'maiko a Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique dalaivala amakhala kudzanja lamanja, ndipo chitseko chake, pokhala chotsegulidwa kawirikawiri, ndicho chimayamba kutha.

Mphuthu nayo iyesedwe pogogoda ndi kuibaya ndi sikuludiraiva pafupi ndi mahinjesi ndi m'munsi mwake. Penti wowala asanamize munthu, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mphuthu yowola siingapirire kumenyedwa ndi hamala, ndipo hinjesi yatsopano yomangidwa pa chitsulo chowola siigwira. Yotereyo imafuna kuwotcherera chitsulo chatsopano ntchito ina isanayambe.

Mabawuti, manati ndi tizitsulo togwira manati zatsopano zikhale zilipo ntchito isanayambe, chifukwa zakale kawirikawiri sizibwereranso. Galimoto iime pamalo osalala, ndipo malo a hinjesi iliyonse ajambulidwe ndi pensulo kuzungulira m'mphepete mwake kuti pobwezera pakhale chizindikiro. Popeza mahinjesi ali kunja, ntchito yambiri ingagwiridwe chitseko chili chotseka, loko ikuchigwira, ndipo ndi bwino kusintha hinjesi imodzi n'kuimanga musanayambike inzake. Ngati chitseko chonse chiyenera kutsitsidwa, kachitsulo koletsa chitseko kutseguka mopyola muyeso kamasulidwe poyamba, mawaya a magetsi ngati alipo alumulidwe, ndipo pakhale munthu wachiwiri wochilandira.

Kuyeretsa ndi kunyowetsa

Penti wa m'mphepete mwa mutu adulidwe ndi mpeni wakuthwa, ndipo mtanda ukolokosedwe ndi msomali wosongoka mpaka pansi pake paoneke chitsulo. Ntchito yaing'onoyi ndiyo imasiyanitsa bawuti lomasuka ndi bawuti loonongeka. Kuchitseko, mazinga otulukira kuseri kwa nati atsukidwe ndi bulashi ya waya.

Kenaka athirepo mafuta olowerera m'dzimbiri, amene amagulitsidwa m'zitini zopopera. Pamene palibe, dizilo kapena palafini wosakaniza ndi oyilo wopepuka amathandiza ndithu, ngakhale amachedwa. Mafutawa ayenera kufika pa mazinga, osati pamutu pokha. Kuchitseko izi n'zapafupi. Kumphuthu athire pamwamba pa hinjesi kuti atsikire kuseri kwake, ndipo bawuti limodzi likangomasuka, bowo lake likhale njira yopoperamo mafuta kulinga pa nati ya linzake. Kuthira m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri kapena atatu, ndi kugogoda mutu pang'ono nthawi iliyonse kuti dzimbiri ling'ambike, kumapindula kuposa kuthira kamodzi n'kuyamba kulimbana nalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto ingathe kumagwira ntchito yake masiku amenewa mafuta akulowerera.

Chida choyenera

Mabawuti ambiri amaonongeka chifukwa cha chida cholakwika. Mtanda wa Pozidriv ndi wa Phillips amaoneka ofanana, koma si amodzi. Mutu wa Pozidriv umadziwika ndi timizere tinayi tating'ono tojambulidwa pakati pa mikono ya mtanda. Mano a chida cha Phillips ndi opendekera, kotero chikakumana ndi bawuti lothina chimakwera n'kutuluka chikudya mtandawo. Chida chaching'ono, monga nambala 3 pamalo pa nambala 4, chimachita chimodzimodzi. Chida choyenera chikalowa sichisewera, ndipo chimaima chokha m'mutu ngakhale munthu atachisiya. Lamulo lomweli ligwiranso pa Torx: asankhe chachikulu koposa chimene chingalowe mpaka pansi.

Sikuludiraiva wamba sathandiza pa ntchitoyi. Chida chake ndi chija amakaniko amachitcha impact driver, chogwira pamanja ndi kumenya ndi hamala. M'kati mwake muli kanjira kopendekera kamene kamasandutsa nkhonya ya hamala kukhala kupotokola, kotero pa nthawi imodzi nsonga imakanikizidwa m'mtanda, bawuti limapotoka, ndipo dzimbiri limagwedezeka. Chidachi chimatha kumanga ndi kumasula komwe, choncho ayambe achiyesa pa thabwa kuti aone mbali imene chikupotokera. Nsonga ikhomeredwe pang'ono m'mtanda kuti ikhale pansi. Kupaka pansonga phala lonolera mavavu a injini kumathandiza kuti ilume. Chida chiime molunjika ndi bawuti, dzanja likuchipotokolera kale kumbali yomasulira, ndipo amenye ndi hamala yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, nkhonya zochepa koma zamphamvu. Maso atetezedwe ndi magalasi, popeza nsonga yolimba ikathyoka imauluka. Pa hinjesi yam'mwamba asamale galasi la kutsogolo ndi galasi loonera m'mbuyo, limene pa Defender limamangidwa pa hinjesi yomweyo.

Bawuti likangosuntha, ngakhale pang'ono chabe, nkhondo yapita patali, koma apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kulipotokola mosalekeza kumaunjika dzimbiri m'mazinga mpaka bawuti limathinanso, ndipo likakakamizidwa limaduka kapena kuthyola kachitsulo kogwira nati. Choyenera ndi kulimasula pang'ono, kulibwezera, kuthira mafuta, ndi kumasulanso mopitirira pang'ono, mpaka litayamba kuyenda mofewa. Bawuti lokana kotheratu nthawi zina limagonja likayamba lapotokoledwa kumbali yomangira pang'ono pokha.

Mabawuti a kuchitseko

Kumbali ya chitseko palibe chifukwa cholimbana ndi mutu. Munthu mmodzi agwire mutu kunja kuti usazungulire, wina alowere kuchitseko china ndi kupotokola nati m'kati. Sipanala ikhale yotsekeka, ya mbali 6, ndipo ikhale ya muyeso wake. Galimoto zakale zili ndi mabawuti a muyeso wa mainchesi, a 5/16 UNF, omwe nati yake imafuna sipanala ya theka la inchi, ndiye kuti mamilimita 12.7. Zatsopanoko zili ndi a M8, omwe nati yake imafuna sipanala ya mamilimita 13. Sipanala ya 13 imalowa pa nati ya theka la inchi koma imasewera, ndipo pa nati yodyeka ndi dzimbiri imasalaza ngodya zake.

Nati ikakana, palibe choipa kuipotokola mpaka bawuti liduke, malinga latsopano lilipo, chifukwa chotsala chimangokankhidwa kunja ndi panchi. Ngati ngodya zatha, nati ing'ambidwe ndi tchizulo chakuthwa kapena idulidwe ndi sowo yodulira zitsulo pamene pali malo. Pokankha chotsalacho asamenye mwamphamvu, kuopa kupinda khungu la aluminiyamu.

Ntchito ya moto

Mafuta ndi hamala zikalephera, kutentha kumathandiza. Chitsulo chikatenthedwa chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, ndipo kusinthasintha kumeneku kumaswa dzimbiri. Lawi likhale laling'ono, lolunjikitsidwa pamutu pa bawuti pokha. Bawuti lisiyidwe kuti lizizire, lithiridwe mafuta likadali lofunda chabe, ndipo liyesedwe. Izi zingabwerezedwe kawiri kapena katatu. Kulipotokola likadali lotentha kwambiri sikuthandiza, pakuti nthawi imeneyo lafutukuka m'nati ndipo mutu wake ndi wofewa.

Moto uli ndi zoopsa zake pa galimoto imeneyi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 ndipo sachenjeza. Chitsulo chimayamba chafiira, koma aluminiyamu amangogwa mwadzidzidzi osasintha mtundu. Choncho lawi lisafike pakhungu la chitseko. Mphira za m'mphepete mwa chitseko, galasi ndi mawaya zitchingidwe ndi chidutswa cha lata ndi nsanza yonyowa. Mafuta othiridwa kale aja amayaka, ndipo angayake m'kati mwa mphuthu mosaoneka, choncho otsalira apukutidwe, ndipo mmisiri asachoke pamalopo msanga atazimitsa lawi. Pa Series III yaifupi ndi pa Ninety zakale thanki ya mafuta ili pansi pa mpando, pafupi ndithu ndi hinjesi yam'munsi, ndipo ngati pakumveka fungo la petulo moto usayatsidwe konse. Ntchitoyi ichitikire kutali ndi udzu wouma, migolo ya mafuta ndi nyumba yosungiramo feteleza, chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga ili pafupi. Chitsulo chokutidwa ndi zinki chimatulutsa utsi wodwalitsa chikatenthedwa kwambiri, choncho malowo akhale opita mphepo.

Mutu ukaonongeka

Mtanda ukadyeka pali njira zingapo. Ngati waonongeka pang'ono, kumenya pamutu ndi panchi yosalala kumabwezera chitsulo m'kati, ndipo nsonga ikakhomeredwamo imapanganso malo ake. Njira ina ndi kukhoma kadzenje m'mphepete mwa mutu ndi panchi yosongoka, kenaka kuipendeketsa ndi kumenya kuti mutu uzungulire kumbali yomasulira.

Pamene pali makina owotcherera, njira yodalirika ndi kuwotcherera nati pamutu. Mutu upalidwe mpaka uwale, nati yaikulupo, monga ya M10, iikidwe pamwamba pake, ndipo awotcherere m'kati mwa bowo la natiyo mpaka ilumikizane ndi mutu, mosamala kuti isalumikizane ndi hinjesi. Njirayi imapatsa sipanala pogwira, ndiponso kutentha kwake kumayenda m'bawuti lonse kukafika pa mazinga. Ikazizira ipotokoledwe uku ndi uku pang'onopang'ono. Asanawotcherere achotse waya wa negetivi ku batire, limene pa Defender lili pansi pa mpando wa kumanzere, ndipo chopanira cha makinawo chigwire pafupi ndi ntchito. Izi n'zofunika kwambiri pa Defender za injini ya Td5, yomwe inayamba mu 1998, ndi zotsatira zake, chifukwa injini zake zimayendetsedwa ndi kompyuta.

Kuboola

Njira yomaliza ndi kuboola mutu, ndipo pa Land Rover si yoopsa monga ambiri amaganizira. Dzenje la mtanda limatsogolera choboolera pakati penipeni. Ayambe ndi choboolera cha mamilimita 3 kapena 4, apitirize ndi cha 6, ndipo atsirize ndi cha 8, chomwe ndi muyeso wa thunthu la bawuti. Chikafika pamene mutu wakumana ndi thunthu, mutuwo umaduka n'kukwera pa choboolera ngati mphete, ndipo aimire pomwepo kuti asakuze bowo la hinjesi. Makina ayende pang'onopang'ono, akanikizidwe bwino, ndipo pansonga pazithiridwa oyilo. Liwiro lalikulu limapsereza nsonga n'kuisiya yobuntha. Zoboolera zokhala ndi cobalt zimapirira kuposa zawamba. Ziliponso zoboolera zozungulira chakumanzere, zimene nthawi zina zimaluma ndi kulitulutsa bawuti lonse.

Mitu yonse iwiri ikachoka, hinjesi imazuka ndipo zitsa za mabawuti zimatsala zitatulukira. Chitsa chingagwiridwe ndi pulayala yoluma n'kupotokoledwa, popeza tsopano sichikukokedwa ndi kanthu ndipo mafuta akufika pa mazinga. Chikakanabe, kachitsulo kogwira nati kasololedwe pa bowo la mphuthu pamodzi ndi chitsacho, ndipo kalowe katsopano. Njira yomweyi ndiyo imathetsa vuto la bawuti longozungulira osatuluka, lomwe limasonyeza kuti kachitsulo kathyoka ndipo nati ikuzungulira nalo. Apo bawuti limazunguliranso ndi choboolera, choncho mnzake alowetse sikuludiraiva yaphanthi kuseri kwa hinjesi ndi kuikanula pang'ono kuti mutu ugwire. Zidutswa zisasiyidwe kugwera m'mphuthu, momwe zimalira ndi kutseka njira ya madzi. Maginito womangirira ku waya amazitulutsa.

Pa galimoto zina, nati imakhala yowotchereredwa m'kati ndipo siingasololedwe. Pamenepo chitsa chodukira m'kati chiyenera kusalazidwa ndi tupa, kukhomedwa chizindikiro pakati penipeni, ndi kuboola molunjika mpaka mamilimita 6.8 ngati ndi cha M8, kenaka mazinga ayeretsedwe ndi chida chosemera mazinga cha muyeso womwewo. Pa Toyota Land Cruiser, kuphatikizapo mtundu wa 70 umene unayamba mu 1984, mabawuti onse ndi a mamilimita, ndipo mutu wa bawuti la M8 la ku Japan umafuna sipanala ya 12, osati ya 13.

Chida chozulira zitsa chotchedwa easy-out chigwiritsidwe ntchito mokayika. Chimathandiza pa bawuti lomwe laduka koma silinachite dzimbiri. Pa bawuti lomatirira chimalifutukula m'kati, ndipo pokhala cholimba koma chosachedwa kuthyoka, chimadukira momwemo. Chikatero choboolera wamba sichingachiboole, ndipo ntchito ya madzulo amodzi imasanduka ulendo wa ku tauni.

Kubwezera

Hinjesi ikachoka, dzimbiri la pansi pake lipalidwe, papakidwe penti woteteza chitsulo, ndipo aume. Pakati pa hinjesi ndi thupi la galimoto pabwezeredwe kachidutswa kopyapyala ka pulasitiki komwe kamakhalapo, pakuti kamalekanitsa chitsulo ndi aluminiyamu ndi kuteteza penti.

Mabawuti a 5/16 UNF ndi a M8 ndi ofanana kukula powaona ndi maso, koma mazinga ake ndi osiyana. A UNF ali ndi mazinga 24 pa inchi imodzi, pamene a M8 amatalikirana mamilimita 1.25, ndiye kuti ndi otakasukirapo. Bawuti la mtundu wina limalowa m'nati ya mtundu wina kamodzi kapena kawiri kenaka limathina, ndipo wolikakamiza amaononga zonse ziwiri. Popeza galimoto zakale zadutsa m'manja ambiri, chaka chake sichitsimikiza mtundu umene ulipo. Chanzeru ndi kusintha bawuti ndi nati pamodzi, ndi kuziyesa pamanja zisanaikidwe.

Ena amakonda mabawuti a chitsulo chosachita dzimbiri. Ubwino wake ndi woonekeratu, koma amafulumizitsa kudyeka kwa aluminiyamu akagundana naye pachinyontho, ndiponso mazinga ake amatha kulumana akamangidwa ouma. Oterewa asaikidwe popanda girizi. Girizi wa kopa ndi wabwino pa mazinga pamene chitsulo chikukumana ndi chitsulo, monga m'mphuthu, koma pamene bawuti likudutsa m'aluminiyamu pafunika girizi wamba wosalowa madzi, chifukwa kopa naye amadyetsa aluminiyamu.

Mabawuti onse alowe ndi zala poyamba ndipo asiyidwe olefuka pang'ono. Chitseko chitsekedwe, chikwezedwe ndi timatabwa pansi pake mpaka mpata wa m'mbali zonse ufanane ndipo mzere wa pathupi la galimoto ulunjike ndi wa pachitseko. Akatero amange a kumphuthu, kenaka a kuchitseko. Chogwirira loko cha pa nsanamira ya kumbuyo chiwongoledwe pomaliza, pakuti ntchito yake ndi kutseka chitseko, osati kuchinyamula. Bawuti la M8 la mphamvu ya 8.8 limamangidwa pafupifupi 25 Nm likakhala louma, ndipo lopakidwa girizi limafuna mphamvu yocheperapo. Pamene buku la galimotoyo lilipo, muyeso wa m'bukumo ndiwo utsatidwe. Impact driver isagwiritsidwe ntchito pomanga. Patapita sabata imodzi ya maulendo a m'misewu ya mabampu, mabawuti onse ayesedwenso.

Kupewa

Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi chilimwe, zokolola zitatha ndipo mvula ya mu Novembala isanayambe, pamene galimoto ingapume tsiku limodzi popanda kuimitsa ntchito ya kumunda. Kamodzi pa chaka bawuti lililonse limasulidwe palokha, lipakidwe girizi ndi kubwezeredwa, linzake lisanakhudzidwe, kuti chitseko chisasunthe pamalo pake. Mahinjesi adonthezeredwe oyilo nthawi iliyonse imene oyilo wa injini akusinthidwa. Galimoto ikanyamula feteleza isesedwe ndi kutsukidwa tsiku lomwelo, ndipo timabowo ta pansi pa zitseko titsegulidwe ndi waya. Opaka penti auzidwe kuti asadzaze mitanda ya mabawuti. Anthu aleke kukwera galimoto atakoka chitseko chotsegula, ndipo poimika galimoto pamphepo kapena pamtsetse chitseko chigwiridwe kuti chisakankhidwe mopyola.

Zonse zimene zachitika zilembedwe m'buku la galimoto: tsiku, mahinjesi amene asinthidwa, mtundu wa mazinga ndi wa mitu ya mabawuti amene aikidwa. Alangizi ndi madalaivala amasamutsidwa, galimoto nazo zimachoka pa siteshoni ina kupita pa ina, ndipo amene adzagwire chitsekocho zaka zisanu zikubwerazo adzadziwa chida choti atenge. Nsonga ya Pozidriv nambala 4, nsonga ya Torx yoyenera, mabawuti anayi ndi manati ake, ndi tizitsulo tiwiri ta m'mphuthu zimakwana m'kachitini kamodzi, ndipo ndi bwino kachitiniko kazikhala m'bokosi la zida za galimoto iliyonse.